Pamalire

Kuno ku Tromsø aliyense ali ndi yankho lokonzakonza:
ndi mdima, Ingunn, ndi mdima basi.
Dzuwa likalowa kumapeto kwa Novembala
silionekanso mpaka Januwale,
ndiye ndani angadabwe munthu akamayasamula?
Koma ine ndinatopanso mu Juni,
dzuwa lili ngwee pakati pa usiku,
mbalame za m'nyanja zikukangana padenga,
ine ndili khale pampando wa kukhitchini,
nsapato imodzi kuphazi, inzake m'manja,
osakumbuka ngati ndimavala kapena ndimavula.

Ndimayendetsa basi ya mumzinda.
Ndikawoloka mlatho wautali uja kachisanu
zikope zimalemera ngati bulangeti lonyowa.
Masitepe okwerera kunyumba kwanga alipo khumi ndi asanu ndi anayi.
Kale sindinkawawerenga.
Tsitsi likutsalira m'chipeso.
Masokosi awiri phazi lililonse, zala zili zii.

Namwino anatenga magazi timabotolo titatu.
Lachinayi zotsatira zinafika pafoni
ndili pasiteji yomaliza, injini ikung'ung'udza yokha.
TSH: 4.6, pambali pake kanyenyezi.
Feritini: 17, wopanda kanyenyezi,
poti mpanda anauika pa 15
ndipo ine ndili mkati ndi mapazi awiri okha.
M'munsi dokotala analemba mawu awiri: zili pamalire.

Pamalire!
Mwendo umodzi m'nyumba, wina pachipale chofewa.
Wodwala sindine, wamoyo bwino sindine.
Ndinkafuna dzina la matenda,
loti ndikawauza abwana asiye kuyang'ana wotchi,
koma andipatsa kanyenyezi.

Dokotala Myklebust anatembenuza kompyuta kuti ndione,
nagwira pakhosi pake, m'munsi mwa kholingo.
"Apa pali chithokomiro.
TSH si mawu ake ayi, ndi kuitana kwa ubongo.
Nambala ikakwera ndiye kuti woitana wayamba kukuwa
chifukwa woitanidwa akuyankha mwaulesi.
Wanu sukukuwa, wangokweza mawu pang'ono.
Mwina ndi chimfine cha mwezi watha,
mwina ndi chiyambi cha chinachake.
Mboni imodzi sigamula mlandu. Tidzayezanso."

Nanga feritini?
"Ameneyo ndi ayironi wosungidwa.
Magazi oyenda m'thupi akadali okwanira,
koma kosungirako kwatsala pang'ono."
Izo ndinazimva msanga.
Basi imathamanga ndithu
muvi wa dizilo uli pafupi ndi pofiira,
ndipo okwera sadziwa kanthu.

Anandifunsa za kumwezi: masiku angati, ochuluka motani.
Zaka zonsezi palibe anafunsapo,
ine ndinkayesa ndi mmene zimakhalira ndi mkazi aliyense.
Anafunsa ngati ndimadya nyama, ngati ndimaliza mkonono,
ngati kunyumba kuli bwino.
Ndinayang'ana pawindo.
Terje anachoka chaka chatha, natenga ndi galu yemwe.
Zimenezo sizilowa m'kabotolo ka magazi,
zilibe nambala, zilibe mpanda,
koma nazo zimakwera nane masitepe aja.

Tsopano pali mapiritsi pafupi ndi sinki.
Ndimameza ndi madzi a malalanje,
khofi adikire maola awiri,
ndipo kudikira kumeneko ndiye chilango chenicheni.
M'mimba mumadandaula. Ndimapirira.
Pakalendala ndazunguliza tsiku la mu Januwale,
sabata imene dzuwa limasuzumira koyamba pakati pa mapiri,
ana a sukulu natuluka panja kukalilonjera ndi mabanzi otsekemera.
Ine ndidzakhala pamzere, mkono wa juzi nditapinda.

Dzulo ndinawerenga masitepe mpaka khumi ndi awiri,
kenako ndinapezeka ndili pakhomo, kiyi m'manja.
Kaya ndi mapiritsi,
kaya ndi mng'ono wanga Oddny amene amandiseketsa pafoni,
sindikudziwa.
Lero ndawerenganso onse,
khumi ndi asanu ndi anayi,
ndipo pa lachisanu ndi chiwiri ndinaima kaye.